Mfutso wa ku Mayville

Basi yopita kumudzi sikweza munthu wochita kunyamulidwa. Lamuloli silinalembedwe paliponse, koma aliyense wa kwathu amene anakhalapo ku Durban amalidziwa. Madalaivala amati munthu akawafera m'njira basi yonse imagona pa boda, apolisi kufunsa mafunso osatha, anthu ena onse kutukwana chifukwa katundu wawo akuchedwa. Ndiye kondakitala amaima pakhomo la basi, dzanja kulandira tikiti, maso ali pa miyendo yako. Ukakwera wekha masitepe aja, pita bwino. Akakuona ukugwiriziridwa m'khwapa, amakubwezera tikiti yako mwaulemu ndithu, n'kunena kuti kachireni kaye amayi.

Mng'ono wanga ankafunika kukwera masitepe amenewo yekha, ndipo kumayambiriro kwa 2015 sankatha ngakhale kuimirira nthawi yoti amange chitenje.

Ine ndinafika ku Durban mu 2008, iye ananditsatira patapita zaka zingapo. Anasiya mwana wamkazi kwa amayi athu ku Ntcheu, kamwana kongosiya kumene kuyamwa, n'kunena kuti chaka chimodzi chokha ndibwerako. Tonse timatero. Ankagulitsa tomato, anyezi ndi masamba m'mbali mwa msewu m'tauni, pafupi ndi pokwerera matakisi, ndipo pakamwa pake panali pokoma moti Azulu ankamugula akuseka, ngakhale Chizulu chake chinali chopindika. Chaka chimodzi chija chinasanduka zaka. Mwana anayamba sukulu akungodziwa mawu a mayi ake pa foni. Kenako kunabwera chifuwa chosatha. Ndinamuuza kuti apite ku kiliniki, iye ankati akandifunsa mapepala, masiku a pa pasipoti anatha kalekale. Pamene anavomera tinachita kumukoka. Anamupeza ndi chifuwa chachikulu, pamwamba pa matenda aja amene tonse timawadziwa koma sitiwatchula. Ndinamutenga n'kukakhala naye m'chipinda changa ku Mayville.

Tsiku loyamba lomwelo, ndikumuyalira, anandigwira mkono.

"Achemwali, ine m'bokosi ayi. Musadzandikweze m'ngolo ya kumbuyo kwa basi pamodzi ndi mafiriji ndi matilesi a anthu. Ndikufuna mwana wanga andione ndili ndi maso."

Ndinamukalipira kuti asiye zolankhula zopusa. Ine ndine munthu wapakamwa, sindibisa, ndipo mantha akandigwira amatulukira m'kukalipa. Koma ndinamva. Lamlungu lililonse tinkaimba kumudzi, ndipo foni isanalire ankandipempha kuti ndimudzutse, ndimutsamiritse ku khoma, amwe madzi, atsokomoleretu, kuti mawu akamveke athanzi. Mwana ankafunsa funso limodzi lomwelo, kuti amayi mubwera liti, iye n'kumati posachedwa, ndikungomaliza katundu amene ndinapikula. Foni ikatha ankagona chafufumimba osalankhula mpaka madzulo.

Nesi wa pa kiliniki, mayi wachizulu wonenepa wosaseka, ndi amene anandiuza pomwe panali nkhondo. Anati mankhwala akugwira ntchito, koma chimene chikumumaliza m'bale wanu ndi m'mimba. Akadya, chakudya chimangodutsa. Anati thupi lake lilibenso asilikali, kachirombo kamene inu mungameze osamva kanthu, iyeyu kamugoneka sabata yathunthu. Chilichonse cholowa m'kamwa mwake chikhale chotsukidwa bwino, chosendedwa, kapena chophikidwa n'kudyedwa chikadali chotentha, ndipo masamba ndi zipatso zisamasowe. Ndinangoti yebo sister, yebo sister, mumtima ndikuti mayi inu, mukanaona kumene tikukhala.

Chipinda chathu chinali kuseri kwa nyumba ya eni, m'munsi mwa chitunda, malata pamwamba, zenera limodzi. Mpopi unali panja, umodzi wa mabanja onse a pabwalopo, moyang'anana ndi chimbudzi. Firiji tinalibe. Mafiriji tinkawaona akukwezedwa pa ngolo kupita kumudzi, ena kwa anthu amene alibe ndi magetsi omwe, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima osati masewera. Kutentha kwa Durban mu Januwale si kwa ku Ntcheu ayi. N'kutentha kwa chinyezi, thukuta siliuma, thaulo ukayanika m'mawa, madzulo ulipeza likadali lonyowa komanso likununkha. Tomato wogula lero, mawa wayamba kutuluka madzi. Mphemvu ndiye zinkayenda masana ngati nazonso zikulipira lendi.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa amwenye ena ku Phoenix, matakisi awiri kupita, awiri kubwera. Adona a kumeneko anali ovuta pa za m'khitchini, ndipo zaka zonsezo ndinkangowatsatira pofuna kusunga ntchito, kumbali ndikuwanena kuti ali ndi matama. Tsopano matama aja ndinabwera nawo ku Mayville. Kusamba m'manja ndi sopo ndisanagwire kanthu. Masamba kutsuka tsamba limodzilimodzi pa madzi oyenda, osati kungoviika m'beseni n'kuvundula monga tinkachitira kwathu, chifukwa mchenga ndi zoipa zonse zimabwerera pa tsamba lomwelo. Kabichi kuchotsa masamba akunja. Tomato osamutsuka mpaka nthawi yomudula, poti wonyowa amaola msanga, ndipo wokhala ndi bala kumutaya, osati kudula povunda n'kuphika kotsalako. Ndinagula mpeni wachiwiri n'kuumanga kansalu kofiira pa chigwiriro, kuti wodulira mapazi a nkhuku usakhudze papaya. Madzi ake akumwa ndinkawiritsa. Anyezi ndi mbatatesi ndinazipachika kudenga m'thumba la maukonde kuti makoswe azingoziyang'ana. Madzi akasiya pa mpopi, ndinkatunga a m'ndowa yovundikira ndi kapu n'kumathira pa tsamba ndili pakhomo, kuti ayendebe.

Mng'ono wanga ankaonerera zonsezi ali chigonere, akuseka mpaka kutsokomola.

"Onani adona a ku Mayville! Achemwali, si inu amene munkadya mango otola pansi, kungopukuta pa diresi? Munafa?"

"Ndinalibe matenda ako."

"Ine ndayamba kugulitsa tomato ndisanathe ndi msinkhu womwe, lero mundiphunzitse tomato inu?"

"Wagulitsa, eya. Ndipo ndinkakuona ukuwaza masamba madzi a m'chigubu chimene sichinatsukidwepo chigulireni."

"Amaoneka bwino akawazidwa. Makasitomala amagula ndi maso."

Nkhondo ina inali ya papaya. Iye ankadya kagawo kakang'ono n'kukhuta, ndipo chipatso chodula kale m'kutentha kuja sindinkalola kuti chigone. Ndiye kotsalako ndinkadya ndine, ndili chiimire, kaya ndikufuna kaya sindikufuna. Ankandiyang'ana n'kumati, "Eish, ine kudwala, inu kunenepa. Anthu adzati munandikhwimira." Ndinkamuopseza ndi chikoko cha papaya, iye n'kudziphimba bulangete.

Tikamakangana choncho tinkachita kunong'ona, chifukwa makoma anali opyapyala, ndipo pabwalopo Chichewa sitinkachitulutsa panja. Pa mpopi ndinkangopereka moni wa Chizulu, kutsuka masamba anga, kubwerera. Azimayi ena ankandiseka kuti ndikusambitsa sipinachi ngati khanda, ena n'kumanditsinira diso kuti ndichedwetsa mzere. Ndinkangomeza.

Munthu woti apite naye kumudzi anali amayi ena a geni a ku Balaka, amene tinkapemphera nawo limodzi. Ankabwera mwezi ndi mwezi kudzapikula mabulangete, nsapato ndi mapoto, ndipo makondakitala onse ankawadziwa. Anabwera kudzamuona, anakhala pa ndowa, anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kuchokera pabwalo pathu kufika pa msewu panali masitepe a simenti, aatali, osweka m'mbali. Amayi aja anawaloza ali pakhomo.

"Tsiku limene adzakwere awo yekha, osagwira khoma, mudzandiimbire. Ndidzakhala naye mpando umodzi mpaka pa Ntcheu."

Ndiye tinayamba. M'mawa phala, masana nthochi kapena peyala zimene ndinkamusiyira zosasenda pafupi ndi sopo ndi madzi, madzulo ndiwo zamasamba. Pang'onopang'ono m'mimba munayamba kugwira. Vuto linali masambawo. Kumsika waukulu ndinkapita Lamlungu lokha tikaweruka ku tchalitchi, masiku enawo ndinkafika nditatheratu. Masamba ogula Lamlungu, Lolemba afota, Lachiwiri achita chikasu ndi kuterera. Ndinayesa kuwakulunga m'nsalu yonyowa, ndinayesa kuimika mapesi ake m'madzi, zonse chimodzimodzi. Komanso iye sipinachi wa kuno ankamuda, ankati ndi madzi okhaokha, alibe fungo la ndiwo. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Lamlungu lina ndinapeza mayi wina wachikulire akugulitsa nkhwani wanthete, ndi masamba a nyemba pambali. Ndinagula mulu wonse osaganiza kuti ndikausunga bwanji. Nditafika nawo, mng'ono wanga anadzuka yekha n'kukhala tsonga. Anatenga tsamba limodzi, analinunkhiza, anatseka maso, kenako anati, "Tifutse."

Abale, ndinadzimenya pamphumi. Zaka zonsezi amayi athu analibe firiji, koma chilimwe chonse tinkadya masamba. Kuwiritsa pang'ono, kuyanika padzuwa, kumanga m'chikwatu, ndiwo mpaka mvula ina. Ine wa matama a ku Phoenix, bwanji sindinaganize?

Tsiku limenelo ndimalikumbuka kuposa onse. Ine ndinatsuka, iye anakhala pakhomo atatsamira chitseko, thireyi pamiyendo poti lichero tinalibe, akusenda nkhwani ndi zala zake zowonda zija mwachangu ngati kale. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya kwaya ya kwathu. Ankandikumbutsa za chaka chimene mbuzi ya amalume inadya mfutso wonse pa mphasa ife tikusewera fulaye, amayi n'kutikwapula tonse awiri ngakhale woyang'anira anali iyeyo. Madzi atawira anandilanda chipande n'kunena kuti ndipsetsa, mfutso sufuna kukhalitsa pamoto.

"Pa za adona ndinu aphunzitsi. Pa izi khalani pansi."

Ndinakhaladi pansi, chinthu chosachitikachitika. Tinayala matumba oyera padenga la malata, tinamwaza masamba aja, tinaphimba ndi neti yakale ya udzudzu kuopa ntchentche.

Kwathu timafutsa mvula ikamatha, kumwamba kuli mbee, mphepo youma, ndipo dzuwa la masiku ochepa limakwana. Ife tinafutsa mu Febuluwale, ku Durban, mphepo ikuchokera kunyanja. Dzuwa linkawala ndithu, kenako mitambo, kamvula, ine ndili kuntchito, iye kupempha mayi wa chipinda choyandikana kuti atsitse matumba, mawa kukwezanso. Patapita masiku tinaufinya m'manja, unathetheka pang'ono, tinati wauma. Masamba omangira chikwatu ku Mayville ungawapeze kuti? Ndinabweretsa kontena ya ayisikilimu imene adona anataya, yaikulu, yotseka bwino kuti mphemvu isalowe. Tinathiramo, tinatsindira, tinatseka, tinaika pansi pa tebulo. Palibe mwa ife anaganiza kuti chikwatu chimapuma, ndiponso kuti amayi amachipachika pamwamba pa moto pomwe utsi umachiumitsa tsiku ndi tsiku. Tinangochita monga tinaonera kwathu.

Sabata yoyamba tinaphikako, unali bwinobwino, ndipo anadya mpaka kunyambita zala. Kenako kwa adona kunali ukwati, anandipatsa zitheba ndi maungu ambiri otsala, ndipo kontena ija inakhala chitsekere kwa nthawi.

Masaya anayamba kubwerera. Anayamba kupita yekha ku mpopi, kenako kuchapa tinsalu take. Lamlungu lina anakwera masitepe a pabwalo mpaka pa msewu, osagwira khoma, n'kuima pamwamba manja ali m'chiuno akundiyang'ana. Ndinafuna kululutira, ndinakumbukira aneba, ndinangodzigwira pakamwa. Ndinawaimbira amayi a geni aja. Anati basi ndi Loweruka likudzali, akonzeke. Tinaimba kumudzi, ndipo mwana anakuwa pa foni mpaka amayi anachita kumulanda.

Lachinayi madzulo, ndikutsika masitepe aja kuchokera kuntchito, ndinamva fungo. Mfutso wotendera. Anali ataphika yekha, koyamba chidwalireni, anathira tomato ndi chiponde cha m'botolo m'malo mwa nsinjiro. Anali atadya kale mbale yodzaza, ina wandivundikirira, nkhope ili ngwee. Ndinasangalala, zoona ndinasangalala. Ndinawerama kuti ndikankhire kontena ija pansi pa tebulo, chivundikiro chinali chosatseka bwino, ndipo ndinaona m'katimo. Chuku. Choyera ngati thonje, pena chobiriwira, m'mbali monse muli madontho a madzi, fungo la bulangete lonyowa.

"Iwe, waona izi?"

"Ndinachotsa pamwamba. Ndatenga wapakati, ndatsuka kawiri, ndaphika mpaka kupsa. Amayi amatero."

"Amayi amatero! Amayi ali ndi thupi lako? Loweruka ndi mkuja, iwe ukudya chuku?"

Ndinaiwala makoma, ndinaiwala aneba. Ndinakuwa m'Chichewa chonse cha ku Ntcheu mpaka wailesi ya chipinda china inazimitsidwa. Ndinamutchula chitsiru. Ndinamufunsa ngati akufuna bokosi lija. Ndinakhuthulira kontena yonse m'pulasitiki ya zinyalala, za mumphika zomwe, za m'mbale yanga zomwe, n'kukwera nazo kumsewu. Pobwerera ndinamupeza akulira mopanda mawu.

"Chaka chonsechi, achemwali, ndi chokhacho chimene manja anga apanga. Zina zonse mumachita kundipangira ngati mwana."

Ngakhale lero ndikanautaya mfutso umenewo, ndipo palibe angandiuze zina. Koma mawu aja anandilasa, ndipo mpaka pano amandipwetekabe.

Mawa lake m'mimba munatseguka. Kusanza, kutsegula, kutentha thupi. Kaya unali mfutsowo, kaya matenda anangosankha tsiku lawo, nesi sananene, anangoti ndizimupatsa madzi a mchere ndi shuga pafupipafupi. Zonse zimene tinamanga nthawi yonse ija zinapita m'ndowa m'masiku owerengeka. Loweruka amayi a geni anabwera ndi takisi yoti imutenge. Analowa, anamuyang'ana, anakhala pansi, anapemphera, ananyamuka okha. Ine ndi amene ndinaimba kumudzi kuti asakadikire pa msewu. Amayi anati mwana anali atasesa kale m'nyumba, wabwereka ndi mpando womwe kwa aneba.

Kwa masiku angapo sanandilankhule. Ankayang'ana kukhoma. Ndikamupatsa phala ankalandira, ndikamusambitsa ankakweza manja, koma mawu ayi. Inenso mkwiyo unali usanaphwe, ndinkatsuka mapoto mowamenyetsa. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, koma m'chipinda chimodzi chopanda pothawira, masiku amenewo anali owawa. Tsiku lina ndikumusendera lalanje, anatembenuka n'kunena ndi mawu otsika kuti, "Mukulisenda ngati linakulakwirani." Ndinaseka, kenako ndinalira, iye n'kumati basi, basi, mudonthezera misozi pa lalanje langa, muyambanso kulitsuka.

Zosunga masamba ndinasiya. Ndinayamba kutsika m'tauni madzulo aliwonse, pakati pa matakisi awiri aja, kugula kamtolo kokwana tsiku lomwelo kwa azimayi a pamalo pomwe iye ankagulitsira. Ena ankafunsa m'Chizulu kuti usisi, mng'ono wanga uja, ali bwanji, n'kuwonjezera tomato mmodzi. Koma m'tauni mphepo inali itasintha. M'takisi munthu unkazimitsa foni kuopa kuti wina wa kumudzi angaimbe n'kukulankhulitsa Chichewa. Tinkamva kuti uku athyola shopu ya obwera, uku awathamangitsa m'zipinda. Pabwalo pathu, chikuwireni changa chija, moni wa pa mpopi unachepa. Mng'ono wanga ankadya, ankayesetsa ndithu, ankameza ngakhale sipinachi osadandaula, koma thupi silinabwererenso monga poyamba. Masitepe a pabwalo ankafika pakati n'kukhala pansi.

Amayi a geni atabweranso analankhula mosabisa.

"Ulendo uno ndikapita, ndikakhalitsa. Kuno sikukundisangalatsa. Ngati akupita ndi ine, ndi pano."

"Masitepe a pabwalo sakuwamaliza," ndinatero.

"A basi ndi ochepa," anayankha mng'ono wanga ali chigonere.

Ndinapita kwa nesi uja kukatenga mankhwala oti apite nawo, ndipo ndinamufunsa ngati si bwino tidikire kuti alimbe kaye. Mayi wosaseka uja anasiya kulemba, anandigwira dzanja, n'kunena kuti ngati kwawo kuli mwana, musadikire. Ndinatuluka m'kiliniki muja osaona njira.

M'mawa wa ulendo tinamuveka. Buluku la thonje mkati, zitenje ziwiri pamwamba, majuzi awiri m'kutentha konse kuja kuti aoneke wathupi. Duku latsopano, ndolo, mafuta pamilomo kuti ming'alu isaoneke. Kamba wa m'njira ndinakonza dzulo lake: nthochi zosapsetsa, manachesi ndi malalanje, zamakoko zokhazokha, zotsuka n'kupukuta mpaka kuuma, m'thumba la nsalu osati la pulasitiki. Mabotolo a madzi owiritsa, ndi kachidutswa ka sopo. Ndinawauza amayi a geni kuti asamugulire chilichonse chodula kale cha pa zenera, kaya chinanazi kaya vwende, ngakhale alire bwanji pa Tete, ndiponso kuti azisamba m'manja asanamusendere. Anati, "Tamva, anesi aakulu."

Mpaka pa msewu tinachita kumunyamula, ine ndi amayi aja, chifukwa pamenepo panalibe kondakitala. Takisi inatitsitsa chapatali ndi basi, kuseri kwa magalimoto ena. Amayi a geni anandigwira pa phewa.

"Inu tsalani apa. Musamugwire, musamukumbatire, ndipo nkhope yanuyo kondakitala asaione. Munthu wopita kukaona mwana salilidwa."

Mng'ono wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mpeni wanga wa tomato ndausiya m'chikwama chakuda. Musaudulire nkhuku." Kutsanzikana kwathu kunali komweko.

Anayenda. Mayo ine, anayenda, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba, amayi a geni ali patsogolo akusokosera dala za katundu wawo. Ine ndinaima pafupi ndi mayi wootcha chimanga, manja nditawapinda kumbuyo chifukwa ankafuna kupita okha. Anapereka tikiti. Anakwera sitepe yoyamba. Anakwera yachiwiri. Pamenepo anaima, ndipo ndinaona bondo likunjenjemera pansi pa zitenje zonse zija. Kondakitala anakweza mutu. Ndiye ndinamva mawu ake aja ogulitsira tomato, amene ndinali nditawaiwala.

"Achimwene, chikwama changa chija mwachiika pati? Musachipanikize ndi mapoto a amayiwa, muli zinthu za mwana wanga! Zikaphwanyika mukandigulira zina pa Zalewa."

Ankapumira m'mawu amenewo, ine ndinadziwa. Kondakitala anaseka n'kuyang'ana kungolo. Koma nkhope yanga inali itayamba kale kundikana, misozi ili lengelenge, ndipo akanangobweza maso akanandiona. Ndinatembenuka n'kumayang'ana chimanga cha mayi uja ngati ndikusankha. Pamene ndinacheuka, pakhomo la basi panali bambo wina ndi chikwama chake. Magalasi anali akuda. Ndinazungulira mbali zonse ziwiri, sindinamuone. Basi inanyamuka ine ndikubayibitsa magalasi.

Anakafika. Amayi a geni anandiimbira ali pa Mwanza, kenako amayi athu, kuti watsika pa Ntcheu, amutenga pa kabaza mpaka kunyumba. Mwana poyamba anabisala kumbuyo kwa agogo ake, ankangomusuzumira, koma sabata isanathe ankagona naye bulangete limodzi n'kumamupesa tsitsi lochepa lija. Ulendo uja unamutengera mawu. Ndikaimba, amayi ankamuikira foni pa khutu, ine kulankhula, iye kungoti mm. Anakhala nawo mpaka anthu atayamba kukolola.

Ku maliro sindinapite. Masiku amenewo ku Durban kunali kutavuta zedi, ambiri a kwathu atathawa m'zipinda zawo, ine adona atandibisa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Ndikanapita sindikanabwereranso, ndipo mwana uja tsopano anali wanga womuphunzitsa. Ndinalira maliro a mng'ono wanga ndekha, nditaluma thaulo kuti apanyumbapo asamve.

Patapita masiku ndinawafunsa amayi ngati anandisiyira mawu aliwonse. Ndinkayembekezera za mwana, kapena za katundu wake wotsala ku Mayville. Amayi anati:

"Ananong'ona chinthu chimodzi, anachibwereza, koma ine sindinachimvetse. Akuti ndikuuze kuti sitepe yomaliza anakwera yekha, palibe anamugwira. Akuti iwe sunaone, unali utatembenuka."

Ndinali nditatembenukadi.